Njira Inali Apa

Madzulo a tsikulo anayamba ngati madzulo ena onse mu ofesi ya mapulani ya khonsolo. Anthu anazimitsa makompyuta nthawi yoweruka isanakwane, monga mwa chizolowezi chawo, ndipo mayi wosesa anali atayamba kale kugunda miyendo ya mipando ndi tsache kuti otsalira adziwe kuti akumuchedwetsa. A Tepi okha ndi amene sanasunthe. Anali chiweramire pa tebulo lalikulu, atayala mapu a paki, m'makona atatsendereza ndi kapu, sitepula ndi miyala.

Dzina lakuti a Tepi silinali la makolo ayi. Anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, chifukwa tepi yoyezera sinkachoka pa lamba wawo. Ankapita nayo ku ukwati, kuchipatala, ngakhale kutchalitchi, ndipo ena ankalumbira kuti anawaonapo akuyeza mpata wa pakati pa mabenchi ulaliki uli mkati. Akazi awo nawonso anali a tepi, popeza anali telala. Anthu ankaseka kuti m'banja limenelo wina amayeza nthaka, wina amayeza anthu oyenda pa nthakayo. Koma izo zinali kale, m'nyumbamo mukadali kuseka.

Injiniya wamkulu, mayi wamng'ono kwa a Tepi koma wowalemekeza kwambiri, anatuluka mu ofesi yake chikwama chili paphewa. Ataona mapu aja anaima.

"Bambo Tepi, mukadali pomwepo? Zatha izo. Mpanda amaliza masana ano. Mawa m'mawa katapila ikulowa."

"Ndamva, bwana."

"Ndikudziwa kuti n'zolemera kwa inu. Koma tazengereza mokwanira. Mvula ikayamba, makina sadzalowanso m'matope muja."

"Ndamva," anabwereza a Tepi, maso ali pa mapu.

Nkhani yonse inali ya kanjira kamodzi. Paki ya mumzindamo inagona pakati, uku kuli siteji ya basi ndi mashopu, uku kuli nyumba za anthu. Kanjirako sanakajambule munthu. Kanapangidwa ndi mapazi a anthu otopa, ofuna kufika msanga kunyumba. Kankayambira kuseri kwa siteji, n'kulowa pansi pa mitengo ikuluikulu, n'kuwoloka ngalande pa matabwa, n'kukatulukira pa msewu waukulu, pakona penipeni pamene dalaivala saona munthu mpaka atamufika. Ana asukulu anagundidwapo pakona imeneyo. Usiku m'mitengomo munkabisala akuba. Mvula ikagwa, ngalande inkadzaza mpaka kumiza matabwa aja.

Khonsolo itachita misonkhano yokwanira kumaliza tiyi wa chaka chonse, inagwirizana zomanga njira yatsopano yozungulira m'mphepete mwa paki. Inali ya simenti, yotakasuka, ya magetsi, yokhala ndi mlatho weniweni, ndipo inkatulukira pa malo owolokera msewu. Anaijambula ndi a Tepi, ndipo tisanamizane, inali ntchito yabwino. Vuto linali gawo lomaliza la pulaniyo: kutchinga kanjira kakale ndi mpanda wa waya, kukagalauza ndi katapila, n'kudzalapo kapinga kuti anthu akaiwale.

Apo m'pamene a Tepi anayamba kukoka miyendo. Lero akuti zikhomo zalakwika, mawa akuti ayezenso kutsetsereka kwa malo, mkuja akuti failo sikuoneka. Munthu amene pa moyo wake wonse sanasocheretsepo ngakhale pensulo. Aliyense mu ofesimo ankadziwa chifukwa chake, koma panalibe wolimba mtima kuchitchula.

Akazi awo anayamba ndi kuiwala pamene aika sizasi. Kenako anasoka diresi la munthu lopanda potulutsira mkono, makasitomala n'kuyamba kuthawa mwaulemu. Kenako anayamba kutaya mayina, la mnansi, la mchemwali wawo, la mwana wawo yemwe. Tsiku lina m'mawa anayang'ana amuna awo patebulo, n'kuwafunsa mwaulemu wonse kuti, "Kodi bambo inu mukudikira ndani?" Adokotala anati ndi matenda oiwala, ndipo alibe mankhwala. A Tepi analira m'bafa tsiku limenelo, mpopi atautsegula kuti mwana asamve.

Koma mapazi sanaiwale. Masana mayiwo ankazemba pakhomo, n'kupita pamene panali shopu yawo yosokera, n'kukhala pakhonde tepi ili m'khosi. Dzuwa likapendeka ankanyamuka, n'kudzera kanjira ka m'paki kamene anayendamo zaka zonse za ntchito yawo, mpaka pakhomo. Nyumbayo sankadziwa kuti ndi ya yani, koma ankafika. A Tepi anaphunzira kusatekeseka. Ankauza mwana wawo kuti, "Asiye amayi ako. Mutu waiwala, koma mapazi akudziwa."

Tsiku lina m'nyengo ya mvula mayiwo anazemba mwana akuanula zovala, ndipo sanabwerere. Anawafuna kupolisi, m'zipatala, m'masiteji. Anyamata anatsata ngalande mpaka kumtsinje. Sipanapezeke kanthu, ngakhale nsapato. Mvula inatha, inabweranso, inathanso. Maliro sanachitike, chifukwa ungalire bwanji munthu amene sunamuone? Anthu ankanong'ona za ngalande. A Tepi ankakhulupirira zina. Ankati wina wachifundo anawatola kutali, akuwasunga osadziwa kwawo, ndipo tsiku lina adzatsika basi pa siteji paja. Akadzangotsika, zotsalazo adzamaliza ndi mapazi. Chofunika chinali chimodzi, kanjirako kakhalepo.

Atatuluka mu ofesi madzulo amenewo, sanakwere basi ya kunyumba. Anayenda wapansi mpaka ku siteji. Mdima unali utayamba kugwira, magetsi a njira yatsopano atayaka mondondozana m'mphepete mwa paki. Anthu ankayendamo ambiri, ena ndi majumbo, ena ndi ana. Foni inalira m'thumba. Anali mwana wawo wamkazi, amene anasiya nyumba yake kuti azikhala nawo.

"Bambo, muli kuti? Chakudya chizizira."

"Ndikungoona mpanda. Ndibwera."

"Mpanda muuona mawa. Bwerani kunyumba, chonde."

"Tandiuza, iwe. Amayi ako akabwera, adzadutsa pati?"

Mwanayo atayankha, mawu ake anali otopa, osati okwiya.

"Bambo, amayi sabwera."

A Tepi anadula foni. Siinali nthawi yoyamba kumva mawu amenewo, koma anawawawa ngati atsopano.

Polowera kanjirako, kuseri kwa siteji, panali chikwangwani cholembedwa kuti njira yatsekedwa. Mpanda sunafike mbali imeneyo, chifukwa n'kumene makina anayenera kudzera. Kumene anatchinga ndi kumapeto, cha ku msewu. A Tepi anachilambalala chikwangwanicho, chimene mawu ake analemba okha, n'kulowa.

M'katimo munali mdima wa bii. Phokoso la basi linatsalira kumbuyo msanga. Anayatsa tochi ya foni. Kanjira kanali pomwepo, koyera, kolimba ngati pansi pa nyumba. Uku ndi uku kunali zikhomo zomangidwa nsanza zofiira. Patsogolo pang'ono, pansi pa mtengo, katapila inali itaima, chitsulo chake chakutsogolo chitagona pansi. Pankanunkha dizilo. Anakhala pa mwala pafupi nayo, n'kuzimitsa tochi. Sanabwere kudzachita kanthu. Anangofuna kukhala nako kanjirako usiku wake womaliza, monga timachitira ndi wodwala amene madokotala amutaya.

Anakhala. Nkhululu zinkalira mu udzu. Kutali, magetsi a njira yatsopano ankaoneka m'mipata ya mitengo.

Kenako nkhululu zinasiya. Zonse nthawi imodzi.

Anamva mapazi. Ankachokera ku siteji, pang'onopang'ono, nsapato zikukhwekhwereza pansi. A Tepi anapukusa mutu. Anthu a mumzinda muno chikwangwani amachiwerenga akadutsa kale. Anakonza kukhosi kuti amuuze munthuyo kuti kutsogolo kwatchingidwa.

Munthuyo anatulukira. Anali mzimayi wamfupi, atavala juzi, mutu atazolika. Analibe tochi, analibe katundu. Anadutsa pafupi kwambiri, osacheuka. M'mbuyo mwake munatsalira fungo la matope, la nthaka yonyowa. A Tepi anadabwa, chifukwa mvula inali isanagwe miyezi yambiri.

Asanalankhule, anaona chinthu chimene chinawaumitsa pakamwa. Patsogolo paja kanjira kankakhota popanda chifukwa chooneka. Kale panali mtengo waukulu, ndipo muzu wake unkapingasa njira. Mtengowo anaudula kalekale, muzu n'kuuzula. Analamula zimenezo ndi a Tepi omwe, akazi awo atapunthwapo. Mzimayiyo atafika pamalopo anakweza mwendo m'mwamba, n'kulumpha muzu umene kunalibe.

Thupi lonse linachita tsembwe. A Tepi anaimirira.

Anamutsatira. Sanayatse tochi, sanaitane. Ankaopa kuti akatulutsa mawu, zonse zitha. Anafika pa ngalande. Mzimayiyo anakwera pa matabwa, n'kuwoloka mosazengereza. Matabwawo sanalire. A Tepi atapondapo, analira monga amalirira nthawi zonse, ndipo pansi pa nsapato zawo panali poterera. Anawerama n'kukhudza. Thabwa linali lonyowa. Ngalande pansipo inali youma gwa.

Kutsidya, kanjira kankakwera pang'ono kulunjika ku msewu. Mpanda unali pomwepo, watsopano, waya akunyezimira galimoto ikadutsa. Mzimayiyo sanauone. Anayenda mpaka kuugunda ndi chifuwa, waya n'kulira. Anabwerera m'mbuyo. Anaima. Anayendanso, n'kuugundanso. Kenako anayamba kupapasa wayayo ndi manja, uku ndi uku, ngati nkhuku yopeza khola lotseka.

Lole inadutsa pakona, kuwala kwake n'kusesa mpanda wonse. M'khosi mwa mzimayiyo munali tepi yachikasu ya telala.

Anali akazi awo. Sanakalambe, sanaonde. Juzi inali yomwe ija ya tsiku lija, yosowa batani lapakati. M'munsi mwa diresi lawo munkadontha madzi.

Anatembenuka, n'kuwaona a Tepi. Anapinda manja mwaulemu, monga ankachitira ndi alendo.

"Pepani, bambo inu. Njira inali apa yapita kuti?"

Mawu anali omwe aja. A Tepi anasendera pafupi.

"Mayi," anatero. "Ndine."

"Zikomo. Koma njira inali apa yapita kuti? Kunyumba akundidikira."

"Akukudikirani ndani?"

Mayiwo anaganiza, nkhope itakwinyika pang'ono ngati akuwerengera nsalu.

"Sindikudziwa. Koma amada nkhawa ndikachedwa."

Misozi inangoyamba yokha. A Tepi sanaipukute. Mantha anali atachoka, patsala chisoni chokhachokha, cholemera moti anafuna kukhala pansi. Madzi odonthawo anawaona, ndipo tanthauzo lake analidziwa. Koma mtima unakana kuwerenga zimene maso ankaona. Akazi awo anali apa, akufuna kupita kunyumba. Zina zonse zikanadikira.

Anayang'ana mpanda. Diso lawo la ntchito linaona msanga kuti anyamata sanamalize. M'munsi mwa waya anali asanakhomere pansi. Munthu akanatha kumukweza, wina n'kudutsa chowerama. Kuseri kwake kanjira kankapitirira mpaka mumsewu, ndipo kutsidya kwa msewu, denga la nyumba yawo linkaoneka.

Lole ina inadutsa pakona ija, yothamanga, mpanda wonse n'kunjenjemera.

Apa m'pamene a Tepi analakwitsa, ndipo analakwitsa monga munthu wodziwa ntchito yake. Wina aliyense akanangokweza waya. Koma iwo kona imeneyo ankaidziwa. Anaiyezapo kambirimbiri, anaimapo ndi apolisi, anaonapo nsapato ya mwana ili yokha pa phula. Anaganiza kuti, ndawapeza lero, ndiwatayenso pakona iyi? Njira yabwino inali pafupi. Kungotsata mpanda pang'ono mu udzu, n'kufika pa simenti, pa magetsi, pa malo owolokera.

"Mayi, njira ilipo ina. Yatsopano. Ili apo, pamene pakuwalapo."

Mayiwo anayang'ana kumene ankalozako, kenako anayang'ananso pansi pa mapazi awo.

"Ine imeneyo sindiidziwa."

"Ndikuidziwa ine. Ndinaijambula ndine. Ikakufikitsani pakhomo penipeni."

Anatambasula dzanja. Mayiwo anabisa manja awo m'juzi. Kuyambira pamene anadwala sankalola kugwidwa ndi munthu wachilendo, ndipo kwa iwo aliyense anali wachilendo.

"Tsogolani," anatero motsitsa. "Ndikutsatani."

A Tepi anatsogola. Anachoka pa kanjira, n'kulowa mu udzu, mpanda uli kudzanja lamanja. Kumbuyo anamva udzu ukuphwanyika. Akubwera. Mtima unagunda ngati wa mnyamata. Anayamba kulankhula, chifukwa akanakhala chete akanalira mokweza n'kuwaopsa. Ndipo munthu wa mapulani angalankhule chiyani? Anawafotokozera kuti njirayo ndi yotakasuka moti anthu atatu amayenda mogundana mapewa. Anati ilibe masitepe, ngakhale njinga ya olumala imadutsa. Anati madzi a mvula saima, chifukwa anaipendeketsa pang'ono. Anati mlatho wake uli ndi zogwirira mbali zonse.

"Bambo inu," mawu anachokera kumbuyo, ocheperako. "Kuno si njira."

"Pang'ono pokha, mayi. Tafika kale."

Udzu unkaphwanyikabe, koma mopepuka. Anawonjezera liwiro kuti afike msanga pa kuwala. Anati akafika kunyumba awaphikira tiyi wa mkaka, mwana akawaona akagwa pansi ndi chimwemwe, makina awo osokera akadali pomwe paja, amawathira mafuta mwezi ndi mwezi.

"Bambo inu."

Ulendo uno mawuwo anamveka ngati akuchokera m'chipinda china, chitseko chili chotseka.

Phazi la a Tepi linaponda simenti. Anaima pansi pa getsi, n'kutembenuka akumwetulira.

Kunalibe munthu.

Udzu unali chiimire. Mpanda unali phee. Nkhululu zinayambanso kulira, zonse pamodzi. Bambo wina wa pa njinga anachepetsa liwiro n'kufunsa ngati zonse zili bwino, koma a Tepi sanamumve. Anayatsa tochi, n'kubwerera mu udzu muja. Anapeza mzere wa mapazi awo okha. Pambali pake udzu unali wonyowa kwa kamtunda kochepa kuchokera pa kanjira, kenako wouma.

Anathamanga. Munthu wa msinkhu wawo, wa bondo lovuta, anathamanga mpaka pamene kanjira kamagunda mpanda. Panalibe munthu. Anaitana. Anawaitana ndi dzina limene ankawaitana ali achinyamata, limene ngakhale mwana wawo sankalidziwa. Anabwerera ku matabwa, ku katapila, mpaka ku chikwangwani, n'kubwereranso. Zii.

Ndiye anagwada pa mpanda paja, n'kugwira waya m'munsi ndi manja awiri, n'kumukoka. Wayayo anawacheka zala. Anamukokabe mpaka panatseguka mpata, n'kulowetsa phewa kuti usatsekeke.

"Ndatsegula, mayi," anatero. "Dutsani. Njira yanu ndi iyi. Ndinalakwitsa, dutsani."

Anakhala choncho. Foni inalira m'thumba mpaka batire inatha. Phewa linachita dzanzi, kenako msana, kenako miyendo. Sanasunthe, poopa kuti akangotsitsa waya, m'pamene abwere. Tsamba likagwa ankadzutsa mutu. Sikunabwere munthu.

Kutacha, anawapeza ndi kapitawo wa ntchitoyo, pobwera kudzadzutsa katapila. Poyamba anayesa chidakwa, kapena wakuba waya. Atayandikira anavula chipewa. Mkulu wa mapulani, wa tayi ndi tepi pa lamba, anali chogwada m'fumbi, waya ali paphewa, magazi ataumira m'manja. Kapitawoyo sanafunse kanthu. Anangoimba foni ku ofesi.

Mwana wawo anafika limodzi ndi injiniya. Atawasowa mumdima cha ku mpanda, mwanayo anali atazungulira usiku wonse, kupolisi ndi kuchipatala, njira zomwe zija anayenda pofuna amayi ake. Atawaona bambo ake sanakalipe. Anagwada pambali pawo, n'kuwafunditsa juzi yake.

"Anabwera," anatero a Tepi. "Anafika mpaka pano. Ine n'kuwatengera kwina."

"Chabwino, bambo. Tiyeni kunyumba."

"Sukundikhulupirira."

"Manja anu akutuluka magazi. Tiyeni."

A Tepi anayang'ana injiniya. Pa zaka zonse za ntchito sanapemphepo kanthu kokhota, koma tsiku limenelo anapempha.

"Bwana, tisiye kageti apa. Kakang'ono. Kongodutsa munthu mmodzi."

Injiniya anayang'ana pansi. Maso ake anali ofiira.

"Bambo Tepi, kageti apa kakutulukira pakona. Mukudziwa inu kuposa ine. Koma mukanena kuti tidikire, lero makina salowa. Ndikayankha ndine ku khonsolo."

A Tepi asanayankhe, kutsidya kwa msewu kunamveka phokoso la ana. Anali a sukulu, zikwama zili kumsana. Anali ataona mpata pansi pa mpanda, ndipo mwana akaona njira yachidule safunsa. Wamng'ono pa onsewo, kamtsikana ka masokosi otsika, anadumphira mumsewu osayang'ana. Lole inatulukira pakona. Hutala inalira, matayala n'kukwecha phula. Kamtsikanako kanabwerera m'mbuyo, mphepo ya lole n'kukagwetsa chokhala m'mphepete. Kanadzuka, n'kudzikuntha fumbi, anzake akukaseka.

Pa mpanda paja panalibe amene anaseka.

A Tepi anayang'ana anawo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana kanjira kumbuyo kwawo, mpaka kumene kanalowera m'mitengo. Anachotsa phewa pang'onopang'ono. Waya anagwera pansi.

"Khomererani m'munsimu," anauza kapitawo. "Anyamata anu sanamalize." Anapuma. "Makina alowe."

Mwana wawo anafuna kuwachotsapo, koma anakana. Anaima pomwepo, atatsamira pa iye, katapila ikugalauza. Ntchito imene mapazi a anthu anaigwira zaka zosawerengeka inatha dzuwa lisanafike pamutu. Matabwa anawaponya mu lole. Pofika masana panali dothi lofiira lokhalokha, losalazidwa bwino, moti sukanadziwa pamene kanjira kankakhota.

Mvula itabwera, kapinga anamera bwino kwambiri. Pakona paja sipanagundidwenso mwana. Njira yatsopano anthu anaikonda, ndipo mpaka lero a Tepi akamadutsa, amayi a ana amawaimitsa n'kuwathokoza. Iwo amavula chipewa, n'kunena kuti zikomo. Ntchito anapuma chaka chomwecho.

Koma otsika basi mdima utagwa ali ndi nkhani yawo, imene amakamba motsitsa mawu. Akuti kuseri kwa siteji, m'mphepete mwa kapinga, nthawi zina pamaima mayi wamfupi wa juzi, waulemu kwambiri. Amakupepesa, n'kukufunsa kuti njira inali apa yapita kuti. Anthu amamulozera njira ya simenti, chifukwa ina kulibe. Iye amathokoza, koma sasuntha. Ukayenda pang'ono n'kucheuka, palibe. Wamuonapo wogulitsa nyuzi, wamuonapo namwino wina, amuonapo ngakhale alendo osadziwa kanthu za nkhaniyi.

A Tepi amapita pamalopo madzulo aliwonse. Mwana wawo anasiya kuwaletsa, amangowakumbutsa juzi. Amaima m'mphepete mwa kapinga mpaka basi zitatha, akuyang'ana nkhope ya aliyense. Njira yakaleyo akuidziwa pamtima, khota lililonse, ndipo akuti ulendo uno adzawayendetsa momwemo, pa kapinga pomwepo, mpaka pakhomo. Mayiwo amafunsa aliyense wodutsa. A Tepi okha ndi amene mayiwo sanawafunsenso.